Sensa ya crankshaft inakana kutuluka, ine n'kuithyola khutu

Pa shelefu pomwe ndimasunga zida pali kachidutswa ka pulasitiki wakuda, kotalika ngati chala chachikulu cha kumanja, kolasidwa ndi bawuti pakati penipeni. Akazi anga andifunsa kale kawiri ngati n'kotaya, kawiri konse ndakana. Kameneko ndi kamene kanandigoneka chagada pansi pa galimoto Loweruka lathunthu ndi theka la Lamlungu, pa ntchito imene ndinanena ndi pakamwa panga kuti singadutse mphindi 20.

Ine sindine makaniko. Zimene ndimadziwa n'zotolatola: kusintha oyilo, mapulagi, mapadi a mabuleki, lamba wa aluteneta. Galimoto yake ndi yapetulo, ya masilinda anayi, yopangidwa mu 2006, ndipo yayenda makilomita opitirira 230,000. Inalibe mbiri yondisiya panjira mpaka mwezi wathawu, pomwe inayamba khalidwe lachilendo. M'mawa kuiliza kamodzi kokha, n'kuyenda bwinobwino. Ikangotentha, mwina patatha theka la ola, n'kuzima yokha ngati wina wapotokola kiyi. Osatsokomola, osanjenjemera, kungoti zii. Uyese kuliza, sitata ikupukusa injini mwamphamvu, koma osagwira. Ukhale m'mbali mwa msewu boneti ili yasa, injini izizire mphindi 20 kapena 30, uyesenso, yalira ngati sipanachitike kanthu.

Ulendo woyamba ndinanamizira pampu ya mafuta, poti ndi imene aliyense amathamangira kuitchula. Koma ndikatembenuza kiyi ndinkaimva ikung'ung'udza kumbuyo masekondi awiri n'kusiya, monga ichitira masiku onse. Ulendo wachiwiri ndinanamizira makoyilo, omwe amapereka moto ku mapulagi. Pa ulendo wachitatu m'pamene maso anga anagwera pa chinthu chimene chinali patsogolo panga nthawi yonseyi, kamuvi ka geji ya liwiro la injini. Galimoto yangayi sitata ikamapukusa, kamuvi kamadzuka pang'ono n'kumanjenjemera cha pa 200. Tsiku limenelo kanangogona pa 0, osagwedezeka n'komwe. Injini ikuzungulira, makutu anga akumva, koma kompyuta ya galimoto sikulandira uthenga woti ikuzungulira. Nditafika kunyumba ndinalumikiza kamakina kowerengera zovuta pa soketi ya OBD imene ili pansi pa chiwongolero, ndipo panatuluka nambala imodzi yokha, P0335.

Nambala imeneyi sinena kuti sensa yafa. Imanena kuti njira ya uthenga wa sensa ya crankshaft (chitsulo chimene mapisitoni amachizunguza m'kati mwa injini) yasokonekera, ndipo waya wokhulika kapena pulagi ya mawaya yolowa madzi ingatulutse nambala yomweyo. Choncho ndinayamba ndalondola mawaya kuchokera pa sensa mpaka pomwe amalowa mu mtolo waukulu, ndikuwagwedeza injini ikulira. Sinazime. Magetsi ankafika, waya wa ethi unali bwino. Kunatsala sensa yokha.

Mwina ena simunaionepo ntchito yake, ndipo ine ndinaimvetsa bwino nditaigwira m'manja. Pa crankshaft, kapena pa fulaiwilo m'magalimoto ena, pamakhala gudumu lachitsulo la mano. Sensa imaloza mano amenewa ili patali ngati milimita imodzi, osawakhudza. Gudumu lofala kwambiri ndi limene amalitcha 60-2, lomwe Bosch inaligwiritsa ntchito pa makina ake a Motronic: malo ndi a mano 60, koma awiri anachotsedwapo dala, kutsala 58. Kuchoka pa dzino lina kufika pa linzake ndi madigiri 6, ndipo mpata wopanda mano uja ndiwo umauza kompyuta pomwe mapisitoni afika. Ford inakonda la 36-1, la madigiri 10. Ndinachita masamu ake papepala, n'kudabwa ndekha. Injini ikamangolira galimoto itaima, kuzungulira maulendo 800 pa mphindi, kasensa kameneka kakuwerenga mano pafupifupi 770 pa sekondi iliyonse. Pa 3,000 kakuwerenga 2,900. Kakasiya kuwerenga, kompyuta imadula moto ku mapulagi, imatseka mainjekita, pampu nayo imaima. Anachita kufuna kuti zizikhala choncho, kuti galimoto ikachita ngozi injini n'kuzima, pampu isapitirize kuthira petulo pamalo a ngoziwo.

Masensa ake alipo amitundu iwiri. Wina ndi wa koyilo ya waya wopyapyala wokulungidwa pa maginito, womwe umadzipangira wokha magetsi mano akamadutsa, motsatira zimene Michael Faraday anatulukira mu 1831. Umenewo kawirikawiri umakhala ndi mawaya awiri, ndipo ukhoza kuuyeza ma ohm ndi multimeter. Winawo umadalira zimene Edwin Hall anatulukira mu 1879: umalandira magetsi kuchokera ku galimoto, umakhala ndi mawaya atatu, ndipo kuuyeza ma ohm sikukuuza zenizeni. Yanga ndi yamtundu wachiwiriwu. Zoti imafa ikatentha n'kudzuka ikazizira si matsenga ayi. M'kati mwake muli timalumikizidwe tating'onoting'ono ta soda (chitsulo chosungunula chomatira mawaya) tomwe timang'aluka ndi ukalamba. Kutentha kukatupitsa zinthu mng'alu umatseguka, kukazizira umatsekeka.

Ndiye ndinagula yatsopano, Loweruka m'mawa n'kuyamba.

Pa injini yangayi sensa ili m'mbali mwa buloko (thupi la injini), cha kumbuyo, pansi pa mapaipi olowetsa mpweya, moyandikana ndi sitata. Kuchokera pamwamba suiona, umangoikhudza ndi nsonga za zala. Ndinachotsa waya wa negetivu pa batire, kukweza galimoto ndi jeke, kuikhazika pa ma stand awiri, matayala akumbuyo n'kuwatsekera. Pa zimenezi sindichita nthabwala. Jeke ndi yokwezera, si yogonera pansi pake, ndipo munthu wondiuza kuti iye wakhala akutero zaka zambiri osaona vuto ndimangomuyang'ana. Mnyamata wanga wa zaka 11 ndiye anali wogwira tochi.

Pulagi ya mawaya inachoka nditangodina kaloko kake. Bawuti ndi imodzi yokha, ya mutu wa 10, ndipo inamasuka mosavuta mpaka ndinaimaliza ndi zala. Ndinayang'ana wotchi: mphindi 12. Ndinayamba kuimba kamluzu. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinagwira mutu wa sensa n'kukoka. Gwa. Ndinakokanso ndi zala zonse zimene zinakwana pamalopo. Gwa, ngati inachita kuumbidwira limodzi ndi buloko. Ndinayesa kuipotoza, osasuntha ngakhale pang'ono. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwinobwino mmene zinachitikira, chifukwa pa nthawiyo zinkaoneka zanzeru. Sensa ili ndi kakhutu, kaphiko kapulasitiki komwe bawuti imadutsapo. Pakati pa kakhutuko ndi buloko panali kampata kokwana nsonga ya sikuludalaiva. Kampata kameneko kamachita kukuitana. Ndinalowetsa sikuludalaiva yaikulu, n'kukanikiza chigwiriro pang'onopang'ono. Ndinaona khutu likukwera, mtima n'kuti eya, ikubwera. Ndinawonjezera mphamvu. Thyo! Khutu linadumpha n'kundimenya pa tsaya, sensa ili pomwepo, osasuntha ngakhale ndi utali wa chikhadabo. Chimene chinkakwera lija linali khutu lokha, likupindika.

"Adadi, yatuluka?"

"Walitsa apa, usamayankhule."

Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinatenga pulayasi yokhoma ija, n'kuluma nayo mutu womwe pulagi imalowa, n'kuyamba kugwedeza uku ndi uku mwaukali. Pulasitiki wa zaka pafupifupi 20, wophikidwa ndi injini tsiku ndi tsiku, amafufuta ngati khala. Mutu wonse unaphwanyikira m'mano a pulayasi. Chinatsala ndi chitsa chakuda chongotuluka mamilimita atatu kapena anayi pa buloko, timawaya tachitsulo titatu titasuzumira pakati. Tsopano galimoto imene m'mawa inkatha kuyenda theka la ola sikanathanso kuyenda ngakhale mita imodzi.

Ndinatuluka pansipo, kusamba m'manja, n'kuimbira alamu anga, achimwene awo a akazi anga, omwe ntchito yawo ndi yomweyi kuyambira ali mnyamata. Ndinali ndisanamalize kufotokoza pomwe anandidula.

"Alamu, mwaithyola khutu, eti?"

"Ee."

"Sikuludalaiva pansi pa khutu."

"Ee, alamu."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Palibe kanthu, aliyense amathyolapo imodzi. Koma tamverani. Chinthu choyamba, musaikhomere m'kati. Ndikudziwa kuti mwaganiza kale zimenezo."

Ndinali nditaziganizadi. Ndinkati nditenge chitsulo ndi hamala, ndiikhome igwere m'kati, bowo litseguke. Anandiuza kuti pa injini yangayi bowolo limalowa m'mimba mwenimweni mwa injini, momwe crankshaft imazungulira mu oyilo. Chidutswa chokhala ndi maginito chikagwera mmenemo chikhoza kukakamira pa gudumu la mano lija kapena kukatsikira mu sampu, chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini, ndipo kuti ndichitole ndiyenera kukhetsa oyilo, kumasula sampu yonse ndi kuimatanso. Anati njira imeneyo ilipo, iwo amaigwiritsa ntchito zina zonse zikakanika, koma amayamba achotsa sampu kenako n'kukankha sensa kuchokera m'kati kuti itulukire kunja, osati kuchokera kunja kulowetsa m'kati.

Kenako anandifunsa ngati yatsopano ndili nayo pafupi. "Itengeni m'manja. Imeneyo ndiyo maso anu. Zonse zimene simukuziona m'bowomo zili m'manja mwanumo. Yezani pomwe pali kalabala, yezani pomwe pali nsonga, yezani kunenepa kwake, mulembe papepala musanagwire chida chilichonse."

Mawu amenewa ndi amene anasintha ntchito yonse. M'mawa wonse ndinkalimbana ndi chinthu chimene sindinachiyang'anitsitse n'komwe, chikhalirecho mapasa ake anali m'kabokosi pa mpando wa galimoto. Ndinaitulutsa n'kuiyeza. Thunthu lolowa m'bowo linali lonenepa mamilimita 18, lotalika 38. Kalabala kozungulira, kaja amakatcha O-ring, kanali pa mamilimita 9 kuchokera pamwamba. Nsonga yokhala ndi maginito ndimaidziwa chifukwa inkakoka sipanala. Ndipo nditaiyang'ana chonchi ndinamvetsa chifukwa chake sikuludalaiva sikanatha kuitulutsa. Thunthu lalitali chonchi, lokwana ndendende m'bowo, limatuluka pokhapokha likokedwe molunjika. Ukalinyamula mbali imodzi limapendekeka n'kudzikhoma lokha, ngati dilowa ya kabati imene waikoka ndi chigwiriro chimodzi.

Chimene chimaigwira, malinga ndi alamu ndiponso zimene ndinadzaona ndi maso anga, n'zinthu zitatu. Kalabala kaja kamauma ndi kutentha, n'kusanduka kolimba ngati pulasitiki, n'kumatirira ku khoma la bowo. Kachiwiri, buloko yanga ndi ya aluminiyamu, ndipo aluminiyamu nayo imachita dzimbiri lake, loyera ngati laimu, osati lofiira ngati lachitsulo. Madzi ndi fumbi zikalowa pamwamba pa kalabala, dzimbiri loyeralo limamera, ndipo limafuna malo aakulu kuposa aluminiyamu imene ladya, choncho limafinya sensa mbali zonse. Kachitatu, pulasitiki wa mtundu wa nayiloni amamwa chinyezi n'kutupa pang'ono. Bowo likuchepa, thunthu likunenepa, kalabala kasanduka guluu.

Masana onse a Loweruka anathera pa kukonza malo. Ndinachotsa sitata kuti chobowolera chizitha kuloza bowo molunjika. Mabawuti ake awiri anandidyera ola lathunthu, koma imeneyo ndi nkhani ina. Ndinapala kuzungulira chitsa ndi kachitsulo kosongoka, ufa woyera n'kumagwera m'maso, kenako ndinapopera mafuta omasulira mabawuti a dzimbiri. Ndinabwereka chowumitsira tsitsi cha akazi anga, n'kutenthetsa buloko kuzungulira bowo mpaka sinkagwirika, kupoperanso mafuta, kusiya kuti izizire, kubwerezanso. Malawi a moto sindinayese n'komwe, pafupi pomwepo pali paipi ya petulo ndi mawaya.

Pa za kutenthetsazi ndili ndi maganizo anga. Anthu amati kutentha kumakulitsa bowo, ndipo n'zoona, aluminiyamu imafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Koma tawerengani. Bowo la mamilimita 18 mukalitenthetsa ndi madigiri 50 limakula ndi mamilimita 0.02 okha, kuchepa kuposa tsitsi limodzi, pomwe pulasitiki ali m'katimo akufutukukanso. Ine ndikuona kuti phindu lake lili pena: kalabala kouma kamafewako, mafuta amasungunuka n'kuyenderera mosavuta, ndipo kutupa ndi kuphwa kobwerezabwereza kumang'amba dzimbiri lija. N'chifukwa chake kutenthetsa kamodzi n'kukoka pomwepo sikuthandiza kwenikweni. Ndinabwereza kanayi, kachisanu ndinapopera mafuta ambiri n'kukagona. Tulo take tinali tovuta. Ndinkangoona kachidutswa ka maginito kakuzungulira mu injini.

Lamlungu m'mawa ndinatenga chobowolera. Pa kachitsulo kobowolera ka mamilimita atatu ndinakulungapo tepi pa mamilimita 22, kuti ndisapitirire n'kuboola nsonga, kapena choipa koposa, kukakanda gudumu la mano. Ndinapaka girisi m'mizere yake kuti zinyenyeswa zizikakamira pomwepo. Mnyamata anagwira kagalasi m'mbali kuti azindiuza ngati ndapendekeka, chifukwa munthu utagona chagada, khosi litapindika, chilichonse chimaoneka cholunjika. Kuboola sensa si kuboola thabwa. M'kati muli guluu wolimba, timawaya tachitsulo tija ndi kabolodi ka magetsi, ndipo chobowolera chimafuna kuthawira kumbali, komwe kuli aluminiyamu yofewa ya buloko. Ukakanda khoma la bowo pomwe kalabala katsopano kadzakhale, wagula kudontha kwa oyilo kosatha. Ndinkabowola pang'ono, kutulutsa, kupukuta, kupakanso girisi.

"Adadi, mwapita kumanzere."

"Kumanzere kwako kapena kwanga?"

"Kwa tayala."

Kuyesa koyamba ndinapanira sikuruwu wamba ya matabwa, yaifupi, n'kuiluma mutu ndi pulayasi, n'kukoka ndi mphamvu zonse. Inazuka yokha ndi tinyenyeswa takuda, chigongono changa n'kukamenya chitsulo cha pansi pa injini. Ndinagona kaye phee, kudikira kuti dzanzi lithe, ndikusunga mawu ena m'kamwa chifukwa cha mwana. Maganizo oyamba anali oti ndiike sikuruwu yonenepa kwambiri. Ndinaimbanso foni.

"Ayi alamu, yonenepa imatupitsa pulasitiki. Mukhala ngati mukukhoma mphero m'chipika. Mukufuna yolowa patali, yodutsa pa kalabala, osati yonenepa. Ndipo musakoke ndi manja. Manja amagwedeza. Isiyeni nati ikoke."

Anandifotokozera kachida kodzipangira, ndipo ndikalemba pano mmene ndinakapangira. Pali bawuti ina yopanda mutu, imene mbali imodzi ili ndi mazinga a sikuruwu ya matabwa, mbali inayo mazinga a nati. Amamangira miyendo ya matebulo ndi mipando, ndipo ine ndinaipeza ya mamilimita 6 pa mwendo wa tebulo lakale lomwe linali m'chipinda chosungira katundu. Ndinakulitsa kabowo kanga kufika mamilimita 4.5, kuya kwake komwe kuja. Ndinapana manati awiri pamodzi kumapeto kwa bawuti kuti ndipeze pogwira ndi sipanala, n'kuilowetsa mu chitsa mpaka mamilimita 20. Kenako ndinachotsa manati aja, n'kuvundikira chitsa ndi soketi (sipanala yovundikira nati) yaitali ya 22, imene kamwa lake ndi lalikulu kuposa thunthu la sensa, kotero kuti milomo yake inatsamira pa buloko. Bawuti inatulukira pa bowo la kumbuyo kwa soketi. Pamenepo ndinaika mawasha awiri okhuthala ndi nati imodzi.

Tsopano ukamanga nati, ilibe kolowera. Soketi yatsamira buloko, ndiye chimene chiyenera kusuntha ndi bawuti, ndipo bawuti yaluma sensa. Mphamvu yonse ikupita molunjika, pakati penipeni, popanda kugwedeza.

Ndinamanga mpaka nati inalimba, n'kuwonjezera kota ya kuzungulira kumodzi. Ndinadikira. Ndinagogoda soketi m'mbali ndi chigwiriro cha sikuludalaiva, pang'ono chabe. Kota ina. Nati inalimba kwambiri moti ndinayamba kuopa kuti mazinga azukanso mu pulasitiki, ndipo ndinkadziwa kuti akazuka ulendo uno m'chitsamo simutsala poluma. Ndinasiya chilichonse chili chomangika choncho, kutenthetsanso buloko ndi chowumitsira tsitsi chija, n'kuchoka pansipo mphindi 10. Nditabwerera n'kuika sipanala, nati inali itafewa. Mtima unagunda. Mwina mazinga azuka, mwina sensa yasuntha. Ndinachotsa soketi n'kuwalitsa tochi. Chitsa chimene chinali mamilimita atatu chinali chitafika asanu, ndipo m'mbali mwake munaoneka mzere woyera wa dzimbiri umene poyamba unali wobisika.

Kuyambira pamenepo inali ntchito yokoma. Kota, kupopera mafuta, kota. Nati inkalimba n'kufewa, kulimba n'kufewa, uku kukumveka kulira kwa tswii ngati chitseko chakale. Kalabala katangodutsa pakamwa pa bowo zonse zinangoti pho, soketi, mawasha, bawuti ndi sensa n'kundigwera pachifuwa, kadontho ka oyilo wakuda n'kutsatira pambuyo. Mnyamata anakuwa mpaka mayi ake anatuluka m'nyumba akuganiza kuti galimoto yandigwera.

Chisangalalo ndinachiika kaye pambali, n'kugundanitsa yakale ndi yatsopano. Utali wofanana, nsonga yathunthu, palibe chimene chatsalira m'kati. Kabowo kanga kanathera patali ndithu ndi maginito, tepi ija inagwira ntchito. Pa nsonga panali ubweya wa tizitsulo tosalala ngati mwaye, zimene n'zachibadwa pa maginito amene wakhala mu oyilo zaka zonsezi. Tikanakhala tizidutswa tonyezimira, tomveka pa chala, bwenzi ndikulemba nkhani ina yowawa kuposa ino. Kalabala kanali kataphwatalala, kosakhalanso kozungulira, ndipo nditakapinda kanathyoka ngati kamtengo kouma. Pamwamba pake, thunthu lonse linali mbuu ndi dzimbiri loyera. Pansi pake, mbali ya oyilo, linali bwinobwino ngati latsopano. Mamilimita 9 okha ndiwo anandisunga masiku awiri.

Bowo silinali loti n'kulowetsamo yatsopano pomwepo. Ndinamangirira kasanza pa ulusi wolimba, kukapaka girisi, n'kukakankhira m'bowo kupitirira pomwe panali dzimbiri, kuti katseke njira yolowera mu injini. Kenako ndinakulunga sandipepala wosalala kwambiri pa pensulo n'kupukuta khoma la bowo mozungulira, mopepuka, kungochotsa zoyerazo osadya aluminiyamu. Ndinapukuta ndi sanza yoyera mpaka inasiya kuda, n'kukoka ulusi, kasanza n'kutuluka ndi zinyalala zotsala. Ngakhale zinali choncho, madzulo ake ndinasintha oyilo ndi fyuluta. Nthawi yake inali itayandikira kale, ndipo mtima sukanandilola kusiya.

Yatsopano ndinaipaka oyilo wa injini pa kalabala, ndi kagirisi pang'ono pa thunthu pamwamba pa kalabala, pomwe dzimbiri linamera. Inalowa ndi chala chachikulu chokha, n'kumveka kuti khu itakhala pamalo pake, khutu litagona pa buloko popanda mpata. Apa pali msampha wina umene alamu anandichenjeza: sensa ikakana kulowa mpaka pansi, osaikokera m'kati pomanga bawuti. Khutu lomwe lija limathyokanso, ulendo uno la yatsopano. Iyenera kukhala pansi ndi dzanja, bawuti ntchito yake n'kungoisunga. Bawuti yake ndi yaing'ono, ya mamilimita 6, yolowa mu aluminiyamu, ndipo buku la galimoto yanga limati imangidwe pa 10 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti). Ndi mphamvu yochepa kwambiri, ya zala ziwiri pa sipanala yaifupi. Yang'anani buku la galimoto yanu, koma musaimange ngati nati ya tayala.

Ndinalumikiza pulagi mpaka kaloko kanalira, kubwezera sitata, kutsitsa galimoto, kumanga waya wa batire. Ndinakhala pa mpando, banja lonse litaima pakhomo. Ndinatembenuza kiyi. Magetsi a pa dashibodi anayaka, pampu inang'ung'udza, kenako zii. Sitata osalira n'komwe. Ndinatembenuzanso. Zii. Thukuta lozizira linatsika pamsana, mutu ukuthamanga kale: ndawotcha kompyuta, ndadula waya pobowola, ndagula sensa yolakwika.

Mnyamata anali atagwada pafupi ndi tayala, tochi ili m'manja.

"Adadi, nanga kawaya aka kakulendewera apa n'kakuti?"

Kanali kawaya kakang'ono ka solenoidi ya sitata, kamene kamabweretsa uthenga wochokera ku kiyi. Ndinali nditamanga chingwe chachikulu n'kuiwala kakang'onoko. Ndinachotsanso waya wa batire, kukwezanso galimoto, kuikhazikanso pa ma stand, zonsezi chifukwa cha kawaya kolowa ndi zala ziwiri. Ulendo uno kiyi itangotembenuka, kamuvi kanadumpha kuchoka pa 0 injini isanagwire n'komwe, kenako inalira.

Ndinafufuta P0335 ndi kamakina kaja. Magalimoto ena, makamaka a General Motors, amafuna kuti kompyuta iphunzitsidwenso ndi makina ukasintha sensa imeneyi, apo ayi amatulutsa P0315, koma yanga sinafune zimenezo. Mayeso enieni anali a kutentha, poti ikazizira ngakhale yakufa ija inkagwira ntchito. Ndinayenda mphindi 50 mozungulirazungulira kufupi ndi kunyumba, kuti ikazima ndisavutike kuikoka. Ndinaima, kuisiya ikulira mpaka fani inayaka n'kuzima kawiri, n'kuizimitsa. Ndinawerenga mpaka 60, n'kuiliza. Kamodzi. Ndinazimitsanso, kudikira mphindi zisanu kuti kutentha kukhazikike bwino m'buloko, n'kuilizanso. Kamodzi. Papita milungu itatu tsopano, nambala ija sinabwerere, ndipo pansi pa sensa m'pouma.

Alamu nditawatumizira chithunzi cha chitsa chili pa bawuti yake, anangoyankha kuti tebulo lija ndilibwezere mwendo. Bawutiyo ikadali mu sensa pa shelefu, tebulo latsamira khoma ndi miyendo itatu. Chowumitsira tsitsi ndinachipukuta ndi sopo kawiri konse, koma akazi anga akuti akachiyatsa m'chipinda monse mumanunkha galaja, ndipo andiuza kuti chimenecho tsopano ndi changa.